Kamzere Kopendekera Kumbuyo

Lachisanu, ku Katowo. Tsiku loipa, mutu ukundiwawa.

Kompyuta ya pakiliniki yafa m'mawa, disiki yapsa. A Nyagondwe, namwino wamkulu, sanatekeseke n'komwe. Akuti, "Musadandaule a Mhango, zonse zili pa fulashi. Ndimasunga sabata iliyonse monga munandiphunzitsira." Ndalowetsa fulashiyo mu laputopu yanga. Mulibe kanthu.

Wolakwa ndine. Sikiripiti, pulogalamu yaing'ono yokopera pa fulashi mayina a odwala ndi mankhwala awo, ndinailemba ndi dzanja lozolowera Windows, kumene timalekanitsa mafoda ndi kamzere kopendekera kumbuyo. Kompyuta ya pakiliniki siyendera Windows, ndi ya Linux. Iyo imafuna kamzere kopendekera kutsogolo, kangako imangokameza. Ndiye dzina la fulashi ndi la foda zinamatana, mafayilo n'kumagwera pa disiki yomwe yapsayo. Chondinyansa kwambiri, ndinaika kuti pomaliza izilemba kuti "Zatheka", osayamba yaona ngati zathekadi. Chaka chathunthu mayiwa akhala akukhulupirira bodza langa.

Lolemba odwala adzabwera panjinga kudzatenga mankhwala, ndipo sitidzadziwa kuti ndani amamwa ati.

A Nyagondwe ndangowauza kuti ndiona mawa. Iwo athokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene," n'kundipatsa mbatata zophika. Zili patebulo apa, zazizira. Mawa ndikayambira pati kuwauza kuti...