Kodi mkamwana angagwire mwendo wa apongozi?

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndimakhala ku Kambombo kuno ku Chama, pamudzi wa kwawo kwa amuna anga a Oscar. Chaka chatha ndinafunsira malo pa koleji ina ya ku Lusaka kuti ndikaphunzire za mafizo, ntchito ija yowongola ziwalo za odwala kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira zinthu. Anandikana. Ndinalira, sindikubisa, koma misozi inauma kalekale. Chatsala ndi mafunso, ndipo akundisowetsa mtendere.

Ntchito imeneyi sindinkaidziwa n'komwe mpaka tsiku limene apongozi anga aamuna anagwa m'munda wa mpunga. Kuchipatala cha pa boma anati ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinali zitafa. Kumeneko ndi kumene ndinaona a Barbara, mayi wa mafizo wochokera ku Kitwe, ali pantchito. Jakisoni alibe, mapiritsi alibe, amangogwiritsa ntchito manja ndi pakamwa basi. Apinde bondo la munthu, aliwongole, amuseketse, amukalipire pang'ono, mwadzidzidzi munthu uja wakhala tsonga. Ine ndinali chapatali ndi chakudya cha wodwala, kukamwa kuli yasa! Tsiku lililonse ndinkawadikira pakhonde ndi mafunso mpaka anati, "Iwe, manje ufuna kunilanda nchito?" Atamva kuti Giredi 12 ndinakhoza bwino, ndi iwowo amene anandiuza kuti ndiyese mwayi.

Koma kwathu kuno mkamwana ndi apongozi aamuna sayandikana. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire n'kugwada, nkhope nditayang'ana kumbali. Sindikhala nawo pamphasa imodzi, ngakhale kapu ya madzi sindiwapatsa m'manja. Mwendo wawo ndiye musanene. Ndiye titabwerera kumudzi panaoneka chinthu choseketsa: amene ndinamvetsa zonse zimene a Barbara anatiphunzitsa ndine, koma amene ali ndi ufulu wogwira wodwala ndi a Oscar. Ndimaima panja kuseri kwa chitseko, n'kumasuzumira pakampata, n'kumafuula kuti, "Gwirani pansi pa bondo! Pang'onopang'ono! Imani pomwepo!" A Oscar ndi munthu wabwino koma mtima wawo ngwachangu, amapinda mwendo uja ngati akupopa tayala la njinga. Tsiku lina ndinamva apongozi akuti, "Iwe Oscar, mwendo uyu ni wanga, osati wa m'dani wako." Ndinaseka chamumtima, popeza kuseka mokweza n'kosayeneranso.

A Oscar akapita ku Lundazi kukagulitsa mpunga, mwendo uja umangogona. Apongozi aakazi manja awo ali ndi nyamakazi, sangathe kuunyamula. Ndikuona ndi maso anga kuti bondo likuuma, ndipo zimandiwawa kwambiri, chifukwa chochita ndikuchidziwa.

Tsopano ndinene za ku Lusaka. Anandiitana ku intavyu, ndinapita, miyendo itatupa ndi basi. M'chipindamo munali anthu atatu: mayi mmodzi, bambo wachinyamata, ndi bambo wina wachikulire wa imvi mbuu. Mafunso a pakamwa ndinayankha bwino ndithu, mpaka mayi uja ankagwedeza mutu. Kenako bambo wachikulire uja anakokera mpando pakati, n'kukhala, n'kulendeweretsa dzanja limodzi. Anati, "Ine ndine wodwala, mbali iyi yafa. Ndidzutse pampandopa."

Aphungu, thupi langa linaganiza lokha. Ndinangozindikira ndagwada pansi, maso ali pa simenti. Ndili chogwada chomwecho ndinafotokoza zonse bwinobwino: kuti wodwala asunthire kutsogolo kwa mpando, mapazi aponde pansi mofanana, aweramire kutsogolo, womuthandiza aime mbali yakufayo n'kutchinga bondo lake, ndipo asakoke dzanja lofookalo. Nditamaliza ndinatembenukira kwa bambo wachinyamata uja n'kunena mwaulemu kuti, "Bwerani muwagwire, ine ndizikuuzani pochita."

Mayi uja anabisa pakamwa ndi dzanja. Bambo wa imvi anati, "Mwana wanga, ine ndikudikirabe." Ndinayandikira, n'kugwira nsonga ya malaya awo ndi zala ziwiri. Anadikira pang'ono, kenako anadzuka okha, n'kundithokoza chifukwa chobwera. Patapita nthawi uthenga unafika pafoni kuti malo sindinapeze. Chifukwa chake sananene.

Mafunso anga ndi awa. Kodi chimene anandikanira ndi kugwada kuja, kapena pali china chimene sindikuchiona? Kodi anthu a m'tauni alibe apongozi? A Barbara amagwira miyendo ya mafumu ndi azibusa popanda kuphethira, kodi manyazi amawasiya pati akamalowa m'chipatala? Kodi zimenezi amaphunzitsa kusukuluko, kapena munthu amayenera kupita atazidziwa kale? Ndayesa kudzifunsa chifukwa chake bambo amene sindimudziwa, amene si mbale wa amuna anga, anandimanga manja chonchi, koma yankho sindikulipeza.

Nthawi yofunsiranso malo ikubwera mvula ikatha. A Oscar akuti, "Unayesa, mayi wa mwana, manje pumula." Apongozi aakazi anandifunsa kuti, "Mkamwana, nchito yake ni yogwira miyendo ya amuna a eniake?" Mtima wanga ukufunabe, koma ndikuopa kukakweranso basi mtunda wonse uja n'kukagwadanso. Ndilembenso kapena ndisiye?

D.G., Kambombo, Chama

A D.G.,

Ndikhululukireni, ndaseka mpaka misozi pamene munaitana wofunsa mafunso kuti abwere adzagwire mnzake. Koma nditatha kuseka ndawerenganso kalata yanu, ndipo yankho langa ndi lalifupi: lembaninso. Munthu wa mafunso ochuluka chonchi malo ake ndi m'kalasi.

Funso lanu loyamba sindingaliyankhe, ndipo inunso simungathe. N'kutheka kuti anakukanirani kugwada kuja. N'kuthekanso kuti ofunsira anali ambiri kuposa malo, kapena pali phunziro la sayansi limene anzanu anakuposani. Musamangire chaka chonse pa zongoganizira. Imbani foni kukolejiko mufunse mwaulemu chimene chinaperewera. Akakana kunena, afunseni zimene amayang'ana posankha, muyerekeze ndi zotsatira zanu za Giredi 12. Ngati pali phunziro lofunika kulembanso, ndi bwino mulidziwe lero. Ndipo ulendo uno musadalire koleji imodzi, funsani a Barbara akuuzeni kwina kumene amaphunzitsa ntchitoyi.

Za apongozi a anthu a m'tauni, ali nawo, ndipo ena amawaopa kuposa inu. A Barbara manyazi sawasiya pageti ayi. Chimene anaphunzira ndi kupempha. Wa mafizo asanagwire munthu amamuyang'ana kumaso, amanena dzina lake, amafotokoza chimene akufuna kuchita, n'kufunsa kuti, "Ndingakugwireni paphewa?" Wodwala akavomera, kugwira kuja kumakhala ntchito, ndipo ulemu umakhalapobe. Bambo wa imvi uja anali atakupatsani kale chilolezo pamene anati mumudzutse. Inu simunachimve, chifukwa kuyambira pamene munalowa m'banja thupi lanu lazolowera kuti imvi za mwamuna zikaoneka, manja abwerere kumbuyo. Chizolowezi chimasintha ndi chizolowezi china. Si matenda.

Ndiye yambani kuzolowera. Pemphani a Barbara akulankhulireni kwa akuluakulu a chipatala kuti muzikaonerera ntchito yawo masiku ena, ngati malamulo a pamenepo alola. Kumudzi, pemphani bambo anu okuberekani kapena amalume anu akhale pampando, muwadzutse, muwakhazike, muwadzutsenso, mukulankhula nawo mowayang'ana. Poyamba zidzakuvutani. Pitirizani mpaka mudzathe kutero mukucheza nkhani za mpunga.

Ndikufunanso muone chinthu chimene mukuchiseka koma ndi chuma. Mwakhala mukuphunzitsa mwamuna wopupuluma kusamala wodwala, muli kuseri kwa chitseko, ndi mawu okha. Gawo lalikulu la ntchito ya mafizo ndi limenelo, chifukwa wodwala amakhala kuchipatala masiku ochepa, koma kunyumba amakhala ndi abale ake moyo wonse. Mukadzapitanso ku intavyu, nkhani imeneyi mukainene nokha asanakufunseni. Mukawauze kumene mukuchokera, chimene chinachitika ulendo woyamba, ndi chimene mwachitapo. Kugwadako musakutaye, mudzakufuna, popeza mapazi a odwala amakhala pansi.

A Oscar musawalambalale. "Pumula" wawoyo mwina ndi mantha oti mudzapita zaka zingapo n'kuwasiyira mwana ndi bambo wodwala. Mantha amenewo ndi oona, ndipo sangathe ndi kungowatsimikizira kuti mumawakonda. Khalani pansi mukambirane kuti mwana adzakhala ndi ndani, wodwala adzamusamala ndani. Apongozi aakazi nawonso anafunsa funso lofunika yankho. Muwaperekeze tsiku lina kuchipatala akaone okha mmene ntchitoyo imagwiridwira, masana, pamaso pa abale a wodwala.

Tsopano za mwendo umene ukuuma. Mwambo wa kwanu sindingaupeputse, komanso sindiudziwa monga mmene mukuudziwira inu. Koma nanenso ndili ndi funso: kodi ulibe khomo? M'madera ena, mkamwana akakhalitsa pamudzi, akuluakulu amatha kumumasula pa zina, kawirikawiri ndi kamphatso kochokera kwa apongozi, pamaso pa anthu. Kodi kwanuko zoterezi zilipo? Funsani amayi achikulire amene anakulangizani polowa m'banja. Mukapeza kuti njira ilipo, idutse mwa iwowo ndi a Oscar, kuti mawa wina asadzanene kuti mkamwana wasukulu anathyola mwambo yekha. Pakali pano uzani a Barbara kuti bondo likuuma, aone okha wodwalayo, ndipo mupeze mwamuna wina wapamudzipo woti aziphunzira pamodzi ndi a Oscar kuti a Oscar akachoka ntchito isamaime.

Chenjezo langa ndi ili. Ngakhale atakumasulani, simunakhale wa mafizo. Chitani zokhazo zimene a Barbara anakuonetsani, ndipo chiwalo chouma musachikakamize, mungavulaze munthu. Komanso apongozi anu asasanduke pophunzirira intavyu. M'kalata yanu ndamva maganizo a amuna anu, a apongozi aakazi, a a Barbara ndi anu. Mwini mwendo ndamumva kamodzi kokha, akudandaula kuti akumupweteka. Tumani a Oscar akawafunse bambo awo mwachindunji ngati angalole kuti mkamwana wawo awagwire. Akakana, manja anu akhale kutali, ndipo musawasungire chakukhosi. Koma afunseni msanga, bondolo lisanaumiretu.

Aphungu