Kakhungu ka Madalo

Chonde, Mulanje

Okondedwa alamu a Pilato,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni, inu pamodzi ndi a Stella ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya.

Dzulo amayi anu anakana kuti madokotala atengeko kakhungu pamkono pa Madalo. Akuti ine ndine mkamwini, tambala wobwereka, ndipo chochoka m'thupi la mwana, chingakhale chikhadabo, sichituluka pamudzi popanda mawu a mwinimbumba. Mwinimbumbayo ndinu.

Mukudziwa kuti Madalo anabadwa ndi mutu waung'ono ndipo mpaka lero satha kukhala yekha pansi. A dokotala Agatha, amene amamuona kuchipatala, akugwira ntchito ndi ofufuza ochokera kunja. Kakhungu akufunako n'kochepa ngati kambewu ka mpunga.

Ndaphunzitsa bayoloje zaka zambiri, koma zimene a dokotalawo anandionetsa pakompyuta sindinazionepo. Maselo a khungu amawabwezera ku ukhanda mpaka ataiwala kuti anali khungu. Akatero amawalera m'kambale, ndipo amaundana n'kukhala kampira konga nandolo. M'kati mwake mumayamba kubadwa maselo oyambirira a ubongo. Ena amatambasuka ngati zingwe, obadwa pambuyo n'kumakwera pazingwezo, aliyense kulunjika pamalo pake, popanda kapitawo wowauza. Ndinapempha kuti abwereze kanemayo. Atatha, ndinapemphanso.

Inu munagwirapo ku nazale ya tiyi, mukudziwa kuti kanthambi ka tsamba limodzi kamadzakhala chitsamba chathunthu. Ine ndinkangowerenga kuti khungu la munthu nalonso limatha kuyambiranso. Tsopano ndaona.

Amayi anafunsa ngati kunjako kudzakhale Madalo wina wa m'botolo. Ndinawayankha kuti ayi, kampirako sikaganiza, sikamva ululu. Iwo anati ndikulankhula ngati wailesi.

Sindikunamizani, alamu, izi sizimuchiritsa mwanayu. Koma mlongo wanu Dyna akuonda. Amati anamupweteka mwanayo ndi iye posenza dengu la tiyi mimba itakula, ndipo ndikamutsutsa amangondiyang'ana. A dokotala akuganiza kuti vuto lili m'chibadwa cha maselo, ndi kuti linayamba Dyna asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Ngati maselo a Madalo angalephere kuchulukana bwino m'kambale, kutali ndi dengu lililonse, Dyna adzaona yekha ndi maso ake. Mwina pamenepo adzayambanso kudya.

Chonde imbani foni. Ofufuzawo abwera kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo akapita sabweranso msanga. Amayi ati mukavomera, amubereka okha Madalo kupita naye kuchipatala. Foni ya Dyna alanda ndi iwo, aimanga pansonga ya chitenje, akudikira mawu anu.

Ambuye akusungeni kumeneko. Mundiperekere moni kwa a Stella ndi ana onse.

Ndine mlamu wanu,
Morton