Makhadi Asanu ndi Anayi M'chitini

Mzime wanga,

Akundilembera ndi Aphunzitsi, mayi opuma ntchito aja a chipinda choyandikana ndi mpope. Ndawauza alembe momwe ndikulankhuliramu, asakonze.

Uli bwanji kumeneko? Nanga apongozi anga ndi ana? Ine ndadzuka.

Khadi lako lamaluwa lafika. Ndi khadi lachisanu ndi chinayi limeneli, onse ndimasunga m'chitini cha mabisiketi. Aphunzitsi akuti Chizungu chakecho chikuti ndili m'maganizo ako. Chaka chathanso linkatero. M'munsi dzina lako, basi.

Ndinawafunsa kuti kodi liwu la maganizoli azungu amatanthauza chiyani. Akuti n'lotambalala. Kusinkhasinkha ndi lomwelo, nzeru yongokugwera ndi lomwelo, kukumbukira munthu lomwelonso. Akuti ngakhale wina akupatse mphatso yosathandiza, iwo amati chachikulu wakuganizira. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati Aphunzitsi, maganizo anayamba atungirapo munthu madzi? Akuti ndisakunyoze. Lembani, Aphunzitsi, musandiyang'ane choncho.

Tsono tamva, ndakhala ndikukubisira. Iwe maganizo uli nawo mpaka otumiza pa positi. Ine anga akundithawa.

Lachiwiri ndinapita kukagula sopo, pobwera ndinangoima pamphambano, kwathu osakudziwa. Anandiperekeza ndi wosoka nsapato uja, akuti agogo mwayamba kuzemba, mwapeza chibwenzi eti? Ndinangoseka nawo. Maketulo ndapsereza awiri. Ndimangozungulira m'nyumbamu, kabati tsegu, kabati tseku, chimene ndikufuna osachidziwa. Kukhala pansi mtima sulola. Anamwino akuti matendawa sabwerera m'mbuyo.

Dzulo ndinkapukuta chithunzi chapakhoma chija, cha ukwati wako. Ndinati kodi bambo wa makutu ngati a malemu amuna angayu ndani? Ndinakhala nacho pamiyendo mpaka madzi pamoto anaphwa. Kenako ndiye ndinakudziwa. Iwe, mwana amene unandiyamwa mpaka zaka zitatu!

Ndiye khadi lina usatumize, chitini chadzaza. Bwera wekha mwezi uno, ndikadali kukudziwa. Ukachedwa udzapeza gogo waulemu, wokupatsa mpando bwinobwino n'kukufunsa kuti ndinu mwana wa yani.

Undiperekere moni kwa apongozi ndi adzukulu anga. Mayina awo awonjezere Aphunzitsi, andichoka pakamwa. Mulungu akuyendetse bwino panjira.

Ndatopa. Ikani cholembera, Aphunzitsi, ndikapumeko.

Ndine mayi ako,
chala ndadinda apachi n'changa.