Uthenga Wako wa Mphepo Unafika

Wokondedwa mwana wanga,

Ndayamba ndi kukufunsa moyo. Mukudzuka bwanji kumeneko, iwe, amuna ako ndi kamdzukulu kanga kopanda mano kaja? Kuno tiliko, mawondo okhawa ndi amene akundikana. Mchimwene wako dzanja likupola, koma ukonde sangakokebe. Akundigwirira cholembera ndi mlamu wako, mkazi wa mchimwene wakoyo, ndipo ndamuuza kuti alembe zonse, ngakhale zomuwawa iye.

Ukumbuke utabwera chaka chatha unandifotokozera ntchito yako, ine ndikusoka ukonde pakhonde. Unati kumwamba kuli makina otchedwa setilaiti, amene amaponya pansi mafunde osaoneka ngati a wailesi. Akagunda panyanja amabwerera, ndipo madzi akachita makwinya ambiri amabwereranso ambiri. Pamenepo inu mu ofesi mumadziwa mphamvu ya mphepo ndi kumene ikulowera, ngakhale kuli mitambo. Ndinaseka, ndinati ifenso takalamba tikuwerenga makwinya omwewo ndi maso. Unati inde bambo, koma maso anu amathera pamene pathera madzi oonekawa.

Foni ya mchimwene wako itagwera m'madzi, unayamba kutumiza mawu pa yanga, ojambula pakamwa poti sindiwerenga. Ine ndinkangopereka uthenga. Tsiku lina pagombe anzake anandifunsa za nyengo. Ndisanatsegule pakamwa, mchimwene wakoyo anati asandivutitse, mphuno yanga yonunkhiza mphepo inapuma pantchito, masiku ano mphepo amafunsa kwa achemwali. Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, koma chinandikhala pamtima.

Tsopano tamvera bwino. M'mawa wa tsiku la ngozi lija uthenga wako unafika. Ndinaumva wonse, kawiri. Unati ndiwauze achimwene asapite kutali, kunja kwenikweni madzi akwinyika koopsa, mphepo iwapeza masana. Ndinatuluka panja. Kunali zii, ngakhale zovala pachingwe sizinkagwedezeka. Mumtima ndinati lero aona amene amadziwa nyanja. Foni ndinaiika pansi pa pilo.

Mchimwene wako anabwera kudzatenga chigubu cha mafuta. Ataima pakhomo anafunsa ngati achemwali anenapo kanthu. Ndinati palibe. Mwana wanga, ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti palibe.

Zotsatira ukuzidziwa. Bwato linagubuduzika, injini inamira, iye ndi mnzake amene anali naye anawatola a sitima ya katundu atagwirira chigubu chomwecho.

Atatuluka m'chipatala anakuimbira ine ndili pomwepo. Anakukalipira kuti makina ako ndi ogona, kuti umadya bwino mu ofesi yozizira abale ako akumwa madzi amchere. Ndinamva ukupepesa, ukuti unachedwa kutumiza. Ine ndinangoti chete, ndikuganiza kuti mwina ukuyesa kuti uthengawo unasochera m'njira.

Dzulo mlamu wako akundichotsera zithunzi zodzaza foni, anaupeza. Anandionetsa timizere tiwiri tam'mbali, nati timeneti timamuuza wotumiza kuti uthenga wamvedwa, ndi nthawi yake yomwe. Ndiye kuti unkadziwa. Nthawi yonse ija akukutukwana, iwe unkadziwa kuti bambo ako anamva, ndipo unasenza bodza langa kuti ndisachite manyazi pamaso pa mchimwene wako.

Mlamu wako sanandilalatire. Anangofunsa kuti amuna ake akanamira ndikanawauza chiyani ana awo.

Kuyambira tsiku lija mchimwene wako salola dzina lako m'nyumba mwake. Akuti akachira adzalowanso m'madzi osafunsa munthu. Chimenechi ndiye chikundiopsa koposa manyazi anga.

Mawa akapita kukaonetsa dzanja, pobwera ndimukhazika pansi ndi kumuyatsira uthengawo amve yekha. Kaya andithamangitsa pakhomo pake, kaya atani, zimenezo ndi zanga. Kwa iwe ndikupempha ziwiri. Akakuimbira uyankhe, ndipo usanditchinjirizenso, umusiye akwiyire woyenera. Chinanso, mawu a mphepo uzitumiza kwa mlamu wako. Ine ndaonetsa kuti sindine munthu womusungitsa kanthu.

Za kundikhululukira sindikukufulumiza.

Mulungu akusunge pamodzi ndi a m'nyumba mwako, akupatse maso akuthwa pantchito yakoyo. Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga.

Ndine,
Bambo wako