Maungu a Absalom

Beaumont Leys, Leicester
30 Okutobala 2006

Okondedwa alamu anga a Keturah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba ndi ana. Nanga mayi, mwendo uja ukuwavutabe? Ife kuno tilipo. Kwayamba kuzizira, masamba akuyoyoka, ndipo Timothy ali ndi chifuwa chimene amachikumbukira m'mawa wa tsiku la sukulu basi.

Ndili ndi nkhani, koma ndiyambira kutali. Mundipirire.

Mukudziwa kuti achimwene anu a Absalom anali ndi kadimba kobwereka kukhonsolo. Mu Meyi anadzalamo nthanga za maungu zomwe munawapatsa inu zija, ati akufuna nkhwani weniweni. Mu Juni anatisiya. Chibwerereni kumaliro kwanuko, ine kudimbako sindinapondeko. Pafoni ndinkakuuzani kuti ndikuthirira. Linali bodza, alamu. Ndikafika pageti ndinkabwerera.

Lachisanu foni inalira. Mawu a munthu wamkulu, Chichewa chosalala. Anati iwo ndi a Shamshad, Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo dimba lawo n'loyandikana ndi lathu. Kenaka anati ndipite msanga ndikatenge ana anga chisanu chisanawaphe. Ndinadzambatuka! Kucheuka, ana onse awiri ali patebulo akulimbirana rimoti. Kani ankanena maungu.

Loweruka linali lodzaza kale. Timothy mpira m'mawa, Hazel kukalukitsa tsitsi ku Highfields, ine kuchapa mayunifomu a sabata yonse. Tinafika kudimba cha m'ma thu koloko titanyamula masutikesi awiri, poti galimoto ya malemu ingokhala panja, ine sindiyendetsa.

Alamu, maungu makumi awiri ndi atatu! A Shamshad ndiwo ankathirira miyezi yonseyi osauza munthu. Anandiuza mosabisa kuti Absalom anali katswiri pocheza, koma paulimi ayi ndithu. Anathira nthanga zonse malo amodzi, maungu n'kuyanga mpaka m'madimba atatu a eni ake. Mzungu wina anadandaula kuti dzungu lamudyera kabichi. A Shamshad anamuyankha kuti mwini wake wamwalira, akasume kumwamba.

Tinagawirako anthu a m'madimbamo, otsala tinalonga m'masutikesi n'kukwera basi. Pamalo ozungulira aja pafupi ndi mashopu, dalaivala anaponda buleki. Zipi inangoti phwaa! Maungu asanu ndi limodzi uyo, kugubuduzika kulowera kutsogolo. Gogo wina wachizungu analiponda limodzi ngati wosewera mpira. Dalaivala anafunsa ngati alendowa ali ndi matikiti. Hazel anasamukira mpando wakumbuyo n'kumayang'ana pawindo ngati satidziwa.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Chiyambire Juni ndinali ndisanasekepo choncho.

Kunyumba Timothy anapempha dzungu limodzi kuti aliboole maso ndi pakamwa, poti mawa Lachiwiri ndi Halowini, tsiku lomwe ana a kuno amavala ngati mizukwa n'kumapempha maswiti m'makomo. Ndinamuuza kuti kwathu chakudya sachiboola maso. Anaumirira, ndinagonja. Atamaliza, dzungulo linali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, wofanana ndendende ndi wa bambo ake. Anati wachita dala. Hazel anayamba kuseka, kenaka anathawira kuchipinda. Ndinamutsatira, tinakhala pabedi mpaka mpunga unapserera.

Lamulungu tinanyamula maungu atatu kupita nawo kutchalitchi, tikapereke zokolola. Tinathamangira basi, Timothy nsapato ili m'manja. Kufika, chitseko chokhoma, pabwalo palibe ngakhale galu. Ndinayamba kale kuwanena abusa. Kani usiku umenewo ndi womwe kuno amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi. Chaka chilichonse ankabweza ndi Absalom, ife tinkangodzuka nthawi ili bwinobwino. Zaka zisanu, alamu, sindinadziwe kuti inali ntchito ya munthu.

Tinakhala pamasitepe ola lathunthu, aliyense atafukata dzungu lake. Pamenepo m'pomwe ndinawafunsa ana za ulendo wa Disembala.

Mukukumbukira kuti pamaliro ndinagwada pamaso pa mayi n'kulonjeza kuti Disembala tibwerera ku Ntcheu kudzakhaliratu. Timothy anangofunsa ngati ku Ntcheu kuli timu ya ana. Hazel anayankha m'Chizungu chake chija kuti ngati ine ndikufuna, apita, koma bambo akewo iye amawakumbukira kuno: pabasi, kukhitchini, kudimba. Anati kumudzi kuli manda awo okha.

Nanenso ndi momwe ndikumvera, alamu.

Tsono nayi nkhani yanga. Lero m'mawa, ndisanapite kushifiti, ndadzera kukhonsolo. Ndalembetsa dimba lija m'dzina langa. Disembala sitibwera. Tidzabwera mu Ogasiti sukulu akatsekera, tidzamange chiliza, kenaka tidzabwerera kuno.

Ndikudziwa kuti mayi anakonzetsa kale chipinda cha ana. Ndikudziwanso kuti mwa Timothy amaonamo mwana wawo. Chonde alamu, inu amakumverani. Akhazikeni pansi, muwauze mwa njira yanu, asamvere kwa anthu. Musandikometsere. Auzeni kuti ndinalonjeza ndipo ndalephera. Akakwiya asiyeni akwiye, ali ndi chifukwa. Loweruka ndidzaimba foni ya kwa aphunzitsi a Maclean nthawi ya folo koloko ya kwanuko. Mudzapite nawo, ndikufuna adzandikalipire ndekha.

Mundiperekere moni kwa bambo akunyumba, kwa a Sosten ndi banja lawo, ndi onse a pamudzi. Ambuye akusungeni, ndipo akupatseni mawu abwino kuposa angawa.

Ndine mlamu wanu,
Tionenji