Dzina Lanu M'buku la Mphakati

Kalindawalo, Petauke

Alongo anga a Luckson,

Muli bwanji ku Kitweko? Kuno tilipo, mtedza takumba kale.

Bungwe la palishi lagamula kuti aliyense amene sanaoneke kumapemphelo a mphakati kwa zaka zitatu afufutidwe m'buku. Inu zakwana zisanu ndi ziwili. Zaka zonsezi, dzina lanu likaitanidwa, amai ankaimilila n'kuyankha kuti, "Ali m'njila." Anthu ankaseka, iwo osalabadila.

Tsopano miyendo siikuwafikitsanso kumeneko. Dzulo ndinakuyankhilani ndine. A Goodness, alembi athu, anandifunsa kuti, "Kodi njila imeneyi siitha?" Komabe atipatsa mpaka Pasaka.

Amai sakudya bwino masiku ano. Zinazo sindingalembe. M'mawa uliwonse amandifunsa ngati basi yadutsa.

Bwelani, alongo anga, mudzayankhe nokha iwo akumva.

Ndine mlongo wanu,
Consolata