Sindine Wonyamula Katundu

Achimwene,

Ndani anakuuzani kuti kukampani ya kanema ndimangonyamula katundu? Moni kaye. Kuno ku Balaka tili bwino, mwendo wa amayi ukupola. Koma chiwawerengereni kalata yanu ija, akundikakamiza kuti ndisiye ntchito, ndikalime thonje.

Imvani za ku Ngokwe sabata yatha. Kapitawo watsopano wochokera ku Blantyre analamula kuti tiyatse makina oonetsera filimu pabwalo dzuwa likangolowa. Ndinati, "Iyayi bwana, uno ndi mwezi wa Ramadani. Anthu adye kaye futali, akaswali kumzikiti. Kapena tionetse mbuzi?" Anati andichotsa ntchito. Ndinati, "Chotsani, filimuyo muikemo nokha." Sadziwa n'komwe pogwira. Ine makinawa ndinawaphunzira ndekha, ndi maso.

Tinadikira. Potuluka mumzikiti anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu, ashehe kutsogolo. Ine ndikumasulira m'Chiyao pachimkuzamawu, anthu kuseka mpaka kugwira nthiti. Pobwerera kapitawo uja anandisiyira mpando wakutsogolo m'galimoto.

Malipiro ndi ochepa, fumbi ndi lambiri, sindikana. Koma ntchitoyi ndimaidziwa ndipo sindisiya. Mulungu akusungeni kumigodiko. Mwezi uno lemberani amayi kalata ina, mubweze mawu anu aja. Ndiwawerengera ndine, mokweza.

Ndine mng'ono wanu.